Zomwe zinandichitikira nditachepetsa zakudya za m'mapaketi n'kuyamba kuyenda

Anthu ambiri akandiona masiku ano funso lawo limakhala limodzi, akuti kodi mukumwa chani kuti mimba ija ichoke, ena mpaka amafunsa monong'ona ngati ndikudwala. Palibe chomwe ndikumwa abale anga, palibe tiyi wapadera, palibe mapilisi, palibe lamba womanga pamimba. Ndinasintha zomwe zimalowa mnyumba mwanga komanso mmene ndimagwiritsira ntchito thupi langali, basi. Nde ndaona kuti ndifotokoze zonse bwinobwino mwina wina ali pomwe ndinali ine ndipo akusowa poyambira.

Ine ntchito yanga ndi yokhala pansi, kuyambira mmawa mpaka madzulo maso ali pa kompyuta, ndipo kadyedwe kanga kanali ka munthu wotanganidwa aliyense. Mmawa buledi woyera wopaka majarini ndi tiyi wa shuga wambiri, dzuwa likakwera pang'ono mabisiketi, masana chipisi ndi soseji kutsitsira chakumwa cha gasi chozizira bwino, madzulo ukafika wotopa umangowiritsa madzi kuthira ma noodles aja a mpaketi n'kudya uli pa foni. Chodabwitsa nchoti ndinkadya pafupipafupi chonchi koma njala siinkatha, pakangotha maola awiri mmimba mwayambanso kuitana. Ikakwana 2 koloko masana tulo tosaneneka, usiku chilungulira, kuchimbudzi kudzimbidwa, masitepe ochepa chabe befu ngati ndathamanga mtunda wautali. Zonsezi ndinkangoti ndi kukula, poti zaka 40 ndinali nditadutsa.

Chinanditembenuza ndi kuchipatala. Ndinapita ndi vuto lina laling'ono, anandiyeza BP ngati mmene amachitira ndi aliyense, inapezeka yadutsa 140/90. Anati ndibwerenso tsiku lina poti kuyeza kamodzi sikokwanira, nditabwerera inali pomwepo, shuga nayenso anali mmalire, sanafike poti ndi matenda koma akulowera komweko. Adokotala anandiuza mosabisa kuti andipatsa miyezi ingapo ndisinthe kadyedwe ndiyambe kuyendayenda, zikapanda kutsika tiyamba mankhwala. Chomwe chinandiopsa kwambiri nchoti palibe pomwe pankandiwawa, BP imadya munthu mwakachetechete ngati chiswe mu denga, umadzazindikira sitiroko yagwa kale kapena impso zatopa. Komanso mayi anga anadwala shuga zaka zambiri, ndinaona ndi maso angawa kabala kakang'ono kapaphazi kakukana kupola miyezi ndi miyezi, maso akuchita khungu pang'onopang'ono, kudzuka pampando mpaka wina awagwire dzanja. Sindinkafuna ana anga adzaone zomwezo pa ine.

Nditayamba kuwerenga ndinapeza zina zomwe zinandithandiza kumvetsa chomwe chinkachitika. Kuli dokotala wina wofufuza za kadyedwe ku yunivesite ya São Paulo ku Brazil, dzina lake Carlos Monteiro, iyeyu ndi anzake kuyambira cha mu 2009 anayamba kugawa zakudya potengera mmene zasinthidwira zisanafike pa mbale, njira yake amaitcha NOVA ndipo ili ndi magulu 4. Gulu loyamba ndi zakudya zomwe zili mmene zinachokera kumunda, mmadzi kapena mkhola, kapena zangosinthidwa pang'ono monga kuumitsa, kugaya, kuwiritsa kapena kuika mufiliji, apa ndi masamba, zipatso, nyemba, mtedza, mazira, nsomba, nyama, mkaka. Lachiwiri ndi zophikira monga mafuta, mchere ndi shuga. Lachitatu ndi pomwe waphatikiza ziwirizi mophweka, mwachitsanzo nsomba za mchitini kapena tchizi. Lachinayi ndi lomwe amalitcha ultra-processed, zinthu zopangidwa kufakitale kuchokera ku sitachi, shuga, mafuta ndi mchere, kenako kuthiramo zopatsa mtundu, zopatsa fungo ndi zina zoti zisawonongeke msanga, mpaka chakudya chenicheni chimene anayambira sichikudziwikanso. Nditayang'ana zomwe ndinkadya patsiku pafupifupi zonse zinali za gulu lachinayili.

Apa ndifotokoze bwino chifukwa ena amamva ngati chilichonse chomwe chili mpaketi ndi choipa, ayi. Masamba oumitsidwa mufiliji ndi masamba ndithu, nyemba za mchitini ukazitsuka kuchotsa madzi amchere aja ndi nyemba, yogati wosathira shuga ndi wabwino, mkaka wowiritsidwa kufakitale kuti majeremusi afe ndi wabwino kuposa wosawiritsa. Ine chomwe ndimachita ndi kutembenuza paketi ndikuwerenga kuseri. Zosakaniza amazilemba kuyambira chomwe chachuluka kutsika mmunsi, nde ukaona shuga ali pa nambala yoyamba kapena yachiwiri wadziwa kale chomwe ukugula. Ndipo mndandanda ukakhala wautali wodzaza maina a zinthu zomwe kukhitchini kwa munthu sungazipeze ndimabweza pa shelefu. Zomwe alemba kutsogolo ndi zilembo zikuluzikulu, zoti muli mavitamini kapena mafuta ochepa, izo ndi za malonda, nkhani yeniyeni ili kuseri.

Koma kafukufuku yemwe anandikhudza kwambiri ndi wa mu 2019 wa Kevin Hall ndi anzake ku National Institutes of Health ku America. Anatenga anthu 20 akuluakulu nkuwasunga pamalo amodzi kwa mwezi, masabata awiri akudya zakudya za gulu lachinayi lija, masabata awiri akudya zosasinthidwa, ndipo zakudya ziwirizi anazikonza kuti zomwe zaikidwa patsogolo pa munthu zikhale zofanana pa makalori (muyeso wa mphamvu yomwe ili mu chakudya), shuga, mafuta ndi faiba (mbali ya masamba, zipatso, nyemba ndi gaga yomwe sigayika mmimba). Aliyense anauzidwa kuti adye mmene akufunira. Pa masabata a zakudya za kufakitale anthu aja ankadya makalori pafupifupi 500 owonjezera patsiku ndipo ananenepa pafupifupi kilo imodzi, atasinthira ku zinazo anatsika pafupifupi kilo imodzi, popanda wowauza kuti achepetse. Anapezanso kuti zakufakitale zija ankazidya mofulumira. Ndi anthu ochepa inde, koma zomwe anapezazo zinali ndendende zomwe ine ndinkaziona pathupi langa, zinthu zofewa zosafuna kutafuna zimatsika msanga mimba isanauze ubongo kuti ndakhuta. Nde ngati inu mumadziimba mlandu kuti ndinu adyera kapena ofooka mtima chifukwa paketi ya mabisiketi mukaitsegula simuisiya mpaka ithe, dziwani kuti zinthuzo anazikonza mwadala kuti zikhale zovuta kusiya. Ine nditamvetsa izi sindinalimbanenso ndi njala, ndinayamba kulimbana ndi zomwe ndikugula.

Ndinayambira pa zakumwa chifukwa ndi pomwe shuga amalowa wambiri munthu osazindikira. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati shuga wowonjezera asapitirire 10 peresenti ya mphamvu zomwe munthu amapeza mu chakudya patsiku, kwa munthu wamkulu ndi pafupifupi magalamu 50, kapena kuti masipuni ang'onoang'ono 12, ndipo amati kutsika mpaka theka la pamenepo ndi bwino koposa. Chitini chimodzi cha kola cha mamililita 330 chili ndi shuga pafupifupi magalamu 35. Ndiye tangoganizani wamwa ziwiri, kuphatikiza wa mu tiyi, wa mu mabisiketi, wa mu tomato sosi. Ndinasiya zagasi ndi majuwisi onse, olo aja amati ndi a zipatso zenizeni, chifukwa chipatso ukachifinya watsala ndi madzi a shuga faiba yapita, bola kudya lalanje lenilenilo. Mu tiyi ndinkachepetsa pang'onopang'ono mpaka ndinasiyiratu.

Ndisakunamizeni, masabata oyamba anali owawa. Mutu unkandipweteka, chibaba cha zotsekemera chinkandigwira makamaka masana ndi usiku ndikamaonera TV, ndinkapsa mtima ndi zinthu zazing'ono, akazi anga ndi mboni. Chomwe chinandipulumutsa nchoti mnyumba munalibe choti nditole, chibaba chikabwera ndinkapeza nthochi, mtedza wosathira mchere kapena dzira lowiritsa, ndikadya nkumwa madzi pakapita mphindi zingapo chatha. Kenako lilime linasintha lokha, ndi chinthu chomwe sindinkayembekezera, karoti anayamba kumveka kutsekemera, ndipo tsiku lina nditalawa chakumwa chomwe ndinkachikonda kale chija ndinalephera kuchimaliza, chinali chotsekemera mopweteka kukhosi.

Mchere ndi womwe unandivuta kuposa shuga. WHO imati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 patsiku, kasipuni kakang'ono kamodzi kosadzaza bwino, ndipo apa akuwerengera wonse, wothira pophika ndi wobisala mu zogula. Wobisalayo ndi wambiri zedi, mu buledi, mu soseji ndi poloni, mu timakyubu tokometsera ndiwo tija, mu supu wa mpaketi, mu kapaketi kaufa ka mu ma noodles. Pa paketi nthawi zambiri amalemba sodium, nde kuti mudziwe mchere wake chulukitsani nambalayo ndi 2.5. Ife tinachotsa mchere patebulo, pophika tinayamba kuthira wochepa nkumadalira anyezi, adyo, jinja, tsabola ndi mandimu. Poyamba ana ankadandaula kuti ndiwo sizikukoma, pano sakumbukanso.

Soseji, poloni ndi bekoni ndinazisiya pa chifukwa chinanso. Mu 2015 nthambi ya WHO yofufuza za khansa, IARC, inaika nyama zokonzedwa motere mgulu la zinthu zomwe pali umboni wokwanira kuti zimayambitsa khansa, makamaka ya mmatumbo, ndipo anati kudya magalamu 50 tsiku lililonse kumakweza chiopsezocho ndi pafupifupi 18 peresenti. Sizikutanthauza kuti soseji imodzi ikupha ayi, nkhani ndi ya tsiku ndi tsiku kwa zaka, ndipo ine ndinali wa tsiku ndi tsiku.

Nanga pano ndimadya chani? Zinthu wamba ndithu. Theka la mbale limakhala masamba, mbali ina nyemba kapena nsomba kapena mazira kapena nkhuku, mbali yotsalayo chokhutitsa monga mbatata, mpunga kapena chilichonse cha ufa wosachotsa gaga. Mmawa phala la oats ndi chipatso kapena mazira ndi tomato. WHO imalimbikitsa magalamu 400 a masamba ndi zipatso patsiku, ndipo mbatata ndi zina zokhutitsa za mgulu limenelo siziwerengedwa pamenepo, komanso faiba osachepera magalamu 25. Ine sindiyeza pa sikelo, ndimangoonetsetsa kuti chakudya chilichonse chili ndi chamasamba kapena chipatso. Chenjezo limodzi, ngati simunazolowere nyemba ndi masamba ambiri musayambe ndi mbale yodzaza, mmimba mumadzaza mpweya ndipo ambiri amasiyira pomwepa. Onjezerani pang'onopang'ono, nyemba muziziviika usiku nkutaya madziwo musanaphike, muzimwa madzi okwanira, mimba imazolowera. Kudzimbidwa kuja kwa ine kunatha, chilungulira chimabwera mwa apo ndi apo ndikadya mochedwa usiku basi.

Anthu amati kudya bwino kumafuna ndalama ndi nthawi. Za nthawi ndikuvomereza, kuphika kumadya nthawi, nde ife kumapeto kwa sabata timaphika nyemba zambiri nkugawa mmakontena kuika mufiliji, timawiritsa mazira, timaduliratu masamba, ndipo kuntchito ndimanyamula changa chakunyumba, chifukwa munthu wanjala wotopa amadya chomwe chili pafupi. Koma za ndalama sindivomereza kwenikweni. Omwe amatipangitsa kuganiza choncho ndi aja amaonetsa pa intaneti timbewu todula, maufa a mmabotolo ndi ma supplement ngati kuti popanda izo sungakhale wathanzi, ndipo zimandipweteka mtima chifukwa anthu amagwa ulesi asanayambe nkomwe. Nyemba, kabichi, mazira ndi zipatso za nyengo yake ndi zina mwa zakudya zotsika mtengo, ndipo ndalama yomwe inkapita ku zakumwa ndi totolatola tija ndi yomwe pano imagula zimenezi.

Tsopano za thupi. Sindinapite ku jimu, ndinayamba ndi kuyenda basi. Pali kafukufuku wakale wa mu 1953 wa Jeremy Morris ku London, anayerekeza madalaivala a mabasi osanja aja ndi makondakitala awo, anthu ogwira ntchito mu basi imodzi, wina wakhala pansi tsiku lonse wina akukwera ndi kutsika masitepe, anapeza kuti makondakitala ankadwala mtima mocheperapo kusiyana ndi madalaivala. Ine nditawerenga ndinadziona kuti ndili kumbali ya dalaivala. WHO imati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi zapakatikati mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kapena zamphamvu mphindi 75 mpaka 150. Mphindi 150 ndi mphindi 30 masiku asanu, ndipo mutha kuzidula, pang'ono mmawa pang'ono madzulo. Kuyenda kwake kukhale kwa ndawala, koti ukutha kulankhula koma kuimba nyimbo sungathe, thukuta lituluke pang'ono. Poyamba ndinkatopa msanga, mawondo ankadandaula, ndinkangoyenda pomwe ndathera nkubwerera, sabata ndi sabata mtunda unkakula wokha. Ndinazoloweranso kuyenda pang'ono ndikangomaliza kudya, kumathandiza kuti shuga asakwere kwambiri mmagazi poti minofu imamugwiritsa ntchito pompo, ndipo tulo ta masana tija tinathera pamenepa. Kuntchito ndimadzuka pafupipafupi, foni ndimayankha nditaimirira.

Chomwe ambiri amachisiya, makamaka azimayi ndi achikulire, ndi kulimbitsa minofu, koma kwa ine apa ndi pomwe pagona nkhani ya ukalamba. Munthu akadutsa zaka 30 minofu imayamba kuchepa pang'onopang'ono ngati sakuigwiritsa ntchito, ndipo akafika mzaka za mma 60 imachepa mofulumira. Kulephera kudzuka pampando, kugwa mbafa nkuthyoka chiuno, kulephera kunyamula mdzukulu, zambiri zimachokera pamenepo. Nchifukwa chake WHO imawonjezera kuti masiku awiri kapena kuposa pa sabata tizichita zolimbitsa minofu. Ine ndimachitira mchipinda, kukhala pampando nkudzuka osagwira paliponse mobwerezabwereza, mapushapu omwe ndinayambira pakhoma kenako patebulo kenako pansi, kunyamula zigubu za madzi, kuima ndi mwendo umodzi ndikamatsuka mano. Sizitenga nthawi yaitali ndipo sizifuna chida chilichonse chogula. Msana womwe unkandiwawa ndikakhalitsa pampando unasiya.

Kwa amene anauzidwa kuti shuga ali mmalire ngati ine, pali kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa Diabetes Prevention Program yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2002. Anthu omwe anasintha kadyedwe, nkumachita zolimbitsa thupi mphindi 150 pa sabata ndi cholinga chotsitsa 7 peresenti ya kulemera kwawo, chiopsezo chodwala shuga chinatsika ndi 58 peresenti, pomwe omwe anapatsidwa mankhwala a shuga otchedwa metformin chinatsika ndi 31 peresenti. Taonani kuti 7 peresenti si yambiri, munthu wa makilo 90 ndi makilo 6 ndi pang'ono. Sikuti mpaka uonde ngati wothamanga mipikisano.

Sikelo musaikhulupirire kwambiri. Ine inatsika poyamba kenako inaima nthawi yaitali osasuntha, ndipo mtima unayamba kugwa, koma lamba ankapitabe mabowo akutsogolo. Kuona maso a nkhono nkudekha. Muyeso womwe ndimaukonda pano ndi wa chiuno, mumatenga tepi nkuzunguliza pamimba cha pamchombo, nambalayo ikhale yosafika theka la kutalika kwanu, chifukwa mafuta a pamimba ndi omwe amayenderana kwambiri ndi shuga ndi matenda a mtima. Nditabwerera kuchipatala BP inali yatsika pansi pa 140/90, shuga anabwerera mmalo mwake, adokotala anati tipitirize chonchi koma ndizibwerabe kudzayezetsa. Tulo natonso ndi tofunika, ndikagona maola osakwana 7 tsiku lotsatira chibaba cha zotsekemera chimabweranso mwamphamvu, izi ndaziona mobwerezabwereza.

Sindikhala ngati mkaidi ayi. Mwana akakhala ndi phwando la tsiku lobadwa keke ndimadya, ndikapita kwa anzanga ndimadya zomwe andikonzera mosangalala osafunsa mafunso, chifukwa chomwe chimaumba thupi ndi zomwe umadya masiku wamba ambirimbiri aja. Ndaona anzanga akuyamba ndi ukali, kusiya zonse tsiku limodzi, kusala kudya mpaka chizungulire, kuthamanga mtunda wautali tsiku loyamba, pakatha mwezi abwerera pakale ndipo akudziona olephera. Ine ndimati sankhani chinthu chimodzi, kaya ndi zakumwa kaya ndi kuyenda, chikakhazikika onjezerani china, ndipo muzidzifunsa ngati mungathe kumachita zimenezo zaka 20 zikubwerazi. Ngati yankho ndi ayi chepetsani mpaka likhale eya. Ndipo ngati muli pabanja kambiranani, ine zinatheka chifukwa akazi anga analowa nawo, pawekha mnyumba modzaza mabisiketi ndi zovuta kwambiri.

Chomaliza chomwe ndikupempha ndi mtima wonse, ngati muli kale pa mankhwala a BP kapena a shuga musasiye kumwa chifukwa mwawerenga nkhani yangayi. Ine ndinapezeka msanga, ena thupi lawo limafunabe mankhwala olo adye bwino chotani ndipo si kulephera kumeneko. Auzeni adokotala anu kuti mwasintha kadyedwe ndipo mwayamba zolimbitsa thupi, chifukwa kwa omwe amabaya insulin kapena kumwa mapilisi ena a shuga, shugayo atha kutsika mopitirira muyeso ndipo mlingo wa mankhwala umafunika kuusintha. Odwala impso asachulutse nthochi, nyemba ndi zina zokhala ndi potaziyamu wambiri asanafunse kuchipatala, amayi oyembekezera chimodzimodzi afunse kaye. Ndipo mukamayenda nkumva kupweteka kapena kuthina pachifuwa, chizungulire, kapena kubanika kosadziwika bwino, imani pomwepo mupite kuchipatala tsiku lomwelo.